Maso Obwereka

Ku Brno, pansanjika yachinayi,
chipinda chimene ndinkagonamo ndili mwana
tsopano ndi cha analimata.
Mabokosi makumi atatu ndi awiri ali ndanda pamashelefu,
lililonse ndi kapepala kolembedwa ndi bambo anga, a Květoslav,
zilembo zimene eni ake sakuzionanso.
Ng'ala idayambira diso lamanzere.
Lamanja lidalimbalimba chaka chimodzi, nalonso n'kugonja.

Loweruka ndikakwera masitepe,
jekete ndisanavule n'komwe, amvekere:
Zdislava, laswa lina usiku. Tandionere.

Nditsegula. Fungo la dothi lonyowa.
Kanthu kotalika ngati chala chamkombaphala
kayasamula, kandikalipira
ndi kamawu ka chitseko chadzimbiri.
N'kachikasu, bambo.
Chikasu chiti? Usandinyenge ndi liwu limodzi.
Cha batala? Cha nthochi ya mawa?
Cha tikiti yakale yoiwalika m'thumba, bambo.
Aseka mpaka kutsokomola.
Malamba akuda angati?
Anayi, koma lachitatu lathyoka pakati.
Lemba. Ameneyo sadzayenda m'njira ya amake.

Ndiwo adandiphunzitsa kuti mwana amabadwa atavala malamba.
Afundula, afundulanso,
malamba aja aphwanyika, amwazika,
asanduka madontho a kambuku,
ndipo chikopa chakale amadya yekha
osasiya umboni wa zomwe anali.

Pashelefu yapamwamba pali wa nachesi,
msana psuu, tsinde la mchira ngati karoti wosenda kumene.
Zaka khumi ndi chimodzi bambo akusankha, akukwatitsa,
kufufuta dontho limodzilimodzi m'mibadwo
mpaka msana udayera ngati mbale yotsuka.
Munthu wa ku Vienna adabwera ndi envelopu yonenepa,
adabwerera nayo.
Pansi pake, wa chipale, mbee, wowazidwa tsabola wakuda.
Wa kadamsana amandiyang'ana ndi maso bii,
opanda pakati, opanda m'mphepete.
Wa maso apinki akamva getsi latsegulidwa
amatsinzina ngati wolakwiridwa.

Ndiye pali Perla.
Aliyense wolowa muno amayamba kufunsa za iye:
mchira woyera, timadontho tapamutu tosalongosoka
ngati inki yodontha m'manja mwa mwana.
Koma muike nkhululu patsogolo pake muone.
Apendeketsa mutu, azungulira, azungulira,
aluma mpweya,
kenaka njo, kupenya kudenga
ngati kuli wina akumuitana.
Mkuyu uwu sitidachite kuutola, adatero bambo tsiku lina,
tidaupanga tokha, ndi nyerere zake zomwe.
Kukongola ndidakongola ndine, wobweza ngongole ndi iye.
Sadamukwatitsenso.
Amamudyetsa ndi kapani, pofufuza ndi chala
pomwe pali kukamwa.

Kunja sitima yamumsewu ilira pokhota.
Mazenera achita nthunzi.

Bokosi lomaliza, lapansi penipeni, ndimangolikoka.
Uyu usandiuze, amatero.
Nkhalamba ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
mtundu wa miyala youma kumene makolo ake adachokera,
chikasu chofumbwa, madontho wamba,
wosagulika ngakhale pamtengo wa khofi.
Mchira udaduka kale, udaphukanso wosalala,
wonenepa ngati mbatata, wopanda mphete.
Akwera padzanja lawo, atsamira pamtsempha pofunda,
aphethira pang'onopang'ono.
Bambo nawo aphethira.

Ndiulule: masabata ena ndimathira mchere.
Wotuwa ndimamutcha siliva,
wachikasu chozilala ndimamuyatsa ngati ndimu.
Amamvetsera, mutu uli pambali,
chala chikuyenda pa timabamputimabampu ta pamsana.
Tsiku lina adati, Zdislava,
amayi ake ndimawadziwa, agogo ake ndidawaswetsa ndine.
M'banja limenelo mulibe ndimu.
Tayang'ananso bwino,
undiuze kutuwa kwake momwe kulili.